Tsiku Limene Tinapalira Munda wa Nayeli

Nayeli, mwana wa achemwali anga a Herlinda, anabadwa mu Epulo, nyengo yokolola anyezi kuno ku chigwa cha Rio Grande, ndipo anangotsala pang'ono kubadwira m'thumba la anyezi. Mayi ake anagwira ntchito mpaka tsiku lomaliza. Ine Lencho ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa: mimba inkafika kumapeto kwa mzere mwini wake akadali pakati pa munda. Kuchipatala analira anamwino, analira dokotala, analira ndi mlonda wa pageti yemwe, onse chifukwa cha fungo la anyezi lomwe tinalowa nalo. Amene sanalire ndi mwanayo. Anangotembenuza kamutu n'kuyang'ana pawindo, pomwe panali mtengo.

Mlamu wanga Fidencio, bambo ake a Nayeli, anatisiya mwanayo ali ndi zaka zisanu. Mtima unaima akusenza mavwende, masana a Juni. Pobwera kumanda achemwali anagwira mwana pamapewa n'kulumbira tonse tikumva: "Uyu dzuwa silidzamudziwa. Adzagwira ntchito pamthunzi, atakhala pampando."

Kwathu mwana satuluka m'nyumba asanadalitsidwe. Amaima pakhomo n'kuweramitsa mutu, mayi ake amamulemba mtanda pamphumi, pakamwa ndi pachifuwa, iye n'kupsompsona chala chawo chachikulu. A Herlinda sankaphonya, ngakhale Nayeli akungopita kukataya zinyalala. Anali ndi chifukwa. Iwo anawoloka mtsinje wa m'malire kuchokera ku Mexico opanda mapepala, ndipo panthawi ya nkhaniyi panali patadutsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kumwera kuli mtsinjewo, ukawoloka subwereranso. Kumpoto, ola limodzi ndi theka pagalimoto, pali chipata cha asilikali a m'malire ndi agalu awo. Dziko lonse la achemwali ndi kachigawo kopapatiza ka pakatipa. Amayi athu atamwalira kumudzi ku Michoacán, ku Mexico, ndinapita ndekha, poti ine mapepala ndinawapeza kudzera mu ukwati womwe unatha keke yake isanathe. Iwo maliro anawamvera pafoni. Ndiye komwe mapazi awo sangafike, amatumako dzanja.

Koma mwanayo anakula ngati wobadwa kwa abuluzi. M'matumba a diresi lake munkapezeka achule, nkhono, nthenga, ndipo tsiku lina ndinatulutsamo kamba wamkulu ngati tayala la thirakitala, ali ndi ana ake asanu ndi awiri ndi apongozi ake omwe. Ndinkamutcha Nduna ya Zokwawa. Mayi ake akamutsekera m'nyumba kuti awerenge, ankawerengadi, koma atagona chafufumimba pakhomo, mutu panja, miyendo yokha ndiyo ikumvera lamulo.

Atamaliza sekondale analowa koleji ya zaka ziwiri ya m'tauni mwathu muno, ija amapitako ana athu poti ndi yapafupi ndipo umatha kugwirako ganyu. Ankaphunzira zosunga mafayilo a odwala. Achemwali anasangalala mpaka anamugulira juzi mu Julayi, kunja mbalame zikugwa zowotcheratu. Anati m'maofesi a kuchipatala mumazizira ngati mufiriji, mwana angadwale chibayo. Juziyo inayenda ndi gulu lonse lopalira, aliyense anaigwira ndi zala ziwiri kuti asaidetse.

Chaka chachiwiri mphunzitsi wake wa sayansi anamupatsa kapepala. Bungwe lina losamala zachilengedwe linkafuna ophunzira a m'makoleji ang'onoang'ono, makamaka ana a anthu akuda, ana a ife ochokera ku Mexico ndi ena otero, kuti akaphunzire ntchito kunkhalango yotetezedwa kwa masabata khumi ndi awiri. Akuti anazindikira kuti ovala yunifomu kumeneko pafupifupi onse ndi azungu, ife timangofikako kudzatchetcha udzu. Zinawatengera zaka zana kuti aone zimenezi. Akanandifunsa ine ndikanawauza tiyi asanazizire.

Nayeli analembera mobisa, ndipo amene anamuperekeza kokafunsidwa mafunso ndine. Mlandu umenewo ndikuvomera.

Lachisanu lina mu Ogasiti anabwera kunyumba ndi katoni. Anatulutsamo majombo, malaya a mikono yaitali, chigubu cha madzi ndi chipewa chotambalala. Mayi ake anasiya kusankha nyemba.

"Za ndani zimenezi?"

"Zanga, Ama. Ndiyamba Lolemba."

"Kuchipatala ayamba kuvala majombo?"

"Si kuchipatala. Ndi kunkhalango. Tizikasamala mitengo ndi zitsamba, tizikawerenga tizilombo."

"Panja?"

"Mitengo imakhala panja, achemwali," ndinathandizako ine. "Ya m'nyumba timaitcha mipando."

"Iwe Lencho, tseka pakamwa, mungalowe ntchentche."

Ananyamuka, anakatenga chipewa chawo pakhoma, chija chadera ndi thukuta, n'kuchiika patebulo pambali pa chatsopanocho. Zinali ngati mapasa.

"Zaka zonsezi ndawerama kuti iwe uwongoke. Lero wapita kukoleji kukatenga chipewa changa chomwechi?"

"Si zofanana, Ama."

"Dzuwa lake ndi lina?"

Lolemba m'mawa Nayeli anaima pakhomo n'kuweramitsa mutu. Mayi ake anapitiriza kutembenuza matotiya, zikondamoyo zathu zopyapyala za chimanga, pachiwaya. Mwanayo anaima mpaka khosi linauma, kenako anatuluka. Lachiwiri chimodzimodzi. Sabata linatha, linabwera lina. Chakudya ankamulongedzera, chokwanira timu ya mpira ndi ochemerera ake, koma dzanja ayi.

Ine ndinkamuperekeza pa pikapu yanga m'mawa uliwonse, chifukwa kumeneko basi siifika.

"Malume, mukuona ngati adzandidalitsanso?"

"Bwera ndikudalitse ine."

"Dalitso lanu lingaphulitse matayala onse anayi."

Ankaseka, koma maso ali pawindo. "Ndikungofuna adzaone kamodzi kokha. Akadzaona adzamvetsa."

Malo omwe ankagwirako anali munda wakale wa anyezi m'mbali mwa msewu, womwe a zachilengedwe anautenga kuti ubwerere kukhala tchire. Achemwali ndi ine tinaupalirapo zaka zambiri. Nayeli anapatsidwa ngodya imodzi kuti aziiyang'anira ndi kudzalemba lipoti pamapeto, ndipo ochita bwino ankawatumiza ku ntchito ina ya miyezi isanu ndi umodzi. Zomwe ankachita pangodyapo ine sindinkazidziwa. Ankandiuza, inde, koma ine ndikamayendetsa galimoto ndimamva mawu anga okha.

Lamlungu la sabata lachisanu ndi chitatu, titatuluka ku Misa, Nayeli anapita kukawerenga kwa mnzake. Achemwali anakwera pikapu n'kunena, maso ali kutsogolo, "Nditengere ndikaone."

Titafika anatsika, anaima pachipata, n'kugwira pakamwa. Munda umene ife tinkausiya woyera ngati mbale ya wansembe unali thengo lokhalokha. Mkango ukanalowamo ukanasochera n'kuyamba kufunsa njira.

"Mayo ine! Masabata asanu ndi atatu, mwana wa Herlinda Barajas, munda n'kukhala chonchi? Abwana ake akuti chiyani? Akuti kwawo kulibe khasu?"

"Mwina sanamuphunzitse."

"Amene sindinamuphunzitse ndine." Mawu anatsika. "Khasu ndinkamubisira ngati mfuti. Pano akunyozeka pamaso pa azungu chifukwa cha ine."

Pangodya ya Nayeli panali timbendera tofiira ponseponse, kalikonse kobayidwa pafupi ndi chitsamba chomwe ife timachitcha zizote, chija ukachithyola chimatuluka mkaka woyera womata m'manja. Pantchito pathu kapitawo akabaya kambendera ndiye kuti pamenepo pali udzu wokanika mankhwala, uyambire pomwepo. Achemwali anagwedeza mutu.

"Waona? Amuikira ndi zizindikiro zomwe, koma sakudziwa poyambira. Tsitsa makasu."

Makasu m'pikapu yanga sachokamo. Anapalira atavala diresi la kutchalitchi, nsapato atazisiya pachipata. Munthu amene sanaone a Herlinda akupalira sanaone kanthu. Khasu limaimba, fumbi limatsala m'mbuyo likudabwa kuti wadutsa ndani. Ine ndinkathamangira kumbuyo kwawo lilime likukwekwereza pansi. Pazitsambazo panali mbozi zonenepa, zamizeremizere yoyera, yakuda ndi yachikasu.

"Taona, mpaka tizilombo tamangamo mudzi," anatero.

Maola atatu, ngodya yonse mbee. Udzu tinauunjika kumapeto, timbendera anatimanga khumi khumi ndi labala monga timamangira anyezi amasamba. Pobwerera anaimba nyimbo, koyamba chiyambire Ogasiti.

"Usamuuze," anatero. "Mawa abwana ake amuyamikire."

Lolemba ndinayendetsa pikapu chifuwa chili patsogolo ngati tambala. Nayeli anatsika, anayenda masitepe atatu, n'kuima. Pomwepo anafikanso abwana ake, Mayi Pruitt, mzungu wamtali woonda, woti akaima chammbali umangoona chipewa chili m'malere. Mayiwo anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, munda unali womwewo.

Nayeli anatola mtolo umodzi wa timbendera n'kuutembenuza m'manja.

"Malume."

"Ee?"

"Uku ndi kumanga kwa Ama."

"Mwina ndi angelo. Lamlungu amasowa chochita."

"Munali nawo limodzi?"

Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Anangokhala pansi padothi loyeralo, mtolo uli pamiyendo. "Zitsamba zana limodzi ndi makumi anayi," anatero. "Chilichonse chinali ndi nambala yake. M'mawa uliwonse ndimatembenuza tsamba lililonse kuwerenga mazira ndi mbozi. Ntchito yanga inali imeneyo, Malume. Ndinakuuzani kangati?"

Chifuwa cha tambala chija chinaphwa. Ndinakwera pikapu kukawatenga achemwali kumunda komwe ankagwira ntchito, ndipo m'njira sindinathe kuwauza kanthu. Anatsika akupukuta manja pa epuloni, akumwetulira, okonzeka kulandira zikomo. Ataona nkhope ya mwana wawo kumwetulira kunauma.

"Sitinapalire bwino?"

"Mwapalira bwino kwambiri, Ama."

Nayeli anapita pamulu wa udzu, anafufuza, n'kubwera ndi mbozi imodzi padzanja.

"Iyi imadya zizote basi. Palibenso china chomwe ingadye. Munda wonsewu tikuusiya umere chifukwa cha izi."

"Koleji yonse ija kuti uziweta mbozi?"

Mwanayo anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha chomwe mboziyo imasanduka. Anali gulugufe wa mapiko ofiirira ngati lalanje, mizere yakuda, timadontho toyera m'mphepete. Achemwali anabweretsa foniyo pafupi ndi maso.

"Awa ndi akwathu," anatero.

Kumudzi kwathu agulugufe amenewa amafika kumayambiriro kwa Novembala, masiku omwe timakonza manda ndi kuphikira akufa athu. Amadzaza mitengo ya kuphiri mpaka nthambi kuwerama, ndipo apa sindikuwonjezera ngakhale phiko limodzi. Tili ana, amayi ankatiletsa kuwagwira. Ankati ndi akwathu omwe anatsogola, abwera kudzationa. Komwe ankachokera palibe amene anatiuza.

"Amabadwira kuno?"

"Ena mwa iwo. Awa akanauluka mwezi uno, kulowera komweko."

"Kudutsa mtsinje?"

"Kudutsa mtsinje, Ama."

Achemwali anayang'ana mulu wa udzu, anayang'ana manja awo. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndikudula chitsamba chimenechi," anatero, osati kwa ife. Kenako anagwada pamuluwo n'kuyamba kutembenuza tsamba limodzi limodzi. Tinagwada tonse, ndi Mayi Pruitt omwe, mawondo awo akulira ngati chitseko cha khola. Zambiri zinali zitauma ndi dzuwa la dzulo lake. Zamoyo tinapeza makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Achemwali anakhuthula chakudya chawo chamasana pansi n'kuika mbozizo m'kontena.

"Zidya chiyani tsopano?" anafunsa Nayeli.

"Kuseri kwa fakitale ya thonje, m'mbali mwa ngalande, komwe thirakitala siifika. Zizote zilipo zambiri, zinandikanika kalekale." Anatembenukira kwa Mayi Pruitt. "Uwauze amayiwa kuti mlandu ndi wanga, iwe ulibe. Uwauzenso kuti chitsambachi sichifa. Muzu wake umakafika kukhitchini kwa Satana. Mvula ikagwa chiphukanso."

Nayeli anamasulira, koma za Satana anazidumpha, ine ndinamva. Mayi Pruitt anati za muzuwo amazidziwa m'mabuku, koma za kuseri kwa fakitale sankazidziwa. Anafunsa ngati kuli malo enanso. Tsiku limenelo achemwali anataya ganyu ya tsiku lonse, anakhala kutsogolo m'galimoto ya bungwe akuloza ndi chala, ndipo anaonetsa malo khumi ndi amodzi omwe pamapu a azunguwo panalibe.

Nayeli sanachotsedwe. Koma masabata asanu ndi atatu aja anapita, ndipo sanabwerere. Anayambiranso ndi anayi otsalawo. Mvula inagwa, zizote zinaphukadi, iye anawerenga zophukazo, ndipo m'lipoti analemba zonse monga zinachitikira. Dzina langa lilimo. Ndikumva kuti akuliwerenga m'mayunivesite onse a dziko lino, ndipo akafika pa dzina langa amaimirira.

Ine ndinkayesa kuti nkhani ya pakhomo yatha. Ayi ndithu. M'mawa wotsatira Nayeli anaweramitsa mutu, mayi ake n'kubisa manja m'thumba la epuloni.

"Dzanja ili? Lomwe lakuphera ntchito? Pita, mija, mwana wanga, Mulungu akuona yekha."

"Ama, ine ndikufuna lomwelo."

"Pita, uchedwa."

Poyamba linali dzanja lokwiya, tsopano linali lamanyazi. Lokwiya ndinkatha kuliseka. Lamanyazi ndinalephera.

Kalata inabwera mu Disembala. Anamusankha. Miyezi isanu ndi umodzi kuyambira mu Malichi, kumadambo a ku Nebraska, masiku awiri pabasi, kuseri kwenikweni kwa chipata cha asilikali chija. Nayeli anawerenga kalatayo mokweza, ataima pakati pa khitchini. Mayi ake anafunsa funso limodzi lokha, ngati kumeneko kuli tchalitchi, kenako anatuluka kukathirira maluwa omwe anali atathirira kale.

Tsiku lonyamuka tinafika pasiteshoni ya basi m'mawa. Achemwali anamulongedzera matamale, mikate yathu ya chimanga yokhala ndi nyama mkati, okwanira kudyetsa Nebraska yense mpaka Pasaka. Katundu analowa. Anthu analowa. Dalaivala analiza injini. Nayeli anaima pakhomo la basi, chikwama kumsana, n'kuweramitsa mutu.

Manja a mayi ake anali m'thumba.

"Ama, basi inyamuka."

A Herlinda anakankhira manja mkati mwa thumba.

"Achemwali," ndinatero ine, "mukapanda kutero ndimudalitsa ndine, ndipo basiyi ikatulukira ku China."

Ankayang'ana pakati pa mutu wa mwana wawo, pomwe tsitsi linagawanika.

"Kumeneko sindingabwere, mija. Ukakadwala sindingabwere. Ukakalira sindingabwere. Ukumva?"

"Ndikudziwa, Ama."

"Ndipo ukupitabe."

"Ndikupita. Koma osati chonchi."

Dalaivala analiza hutala. Nayeli sanasunthe, mutu uli pansi, misozi ikudontha pa majombo. Ine ndikumudziwa mwana ameneyu, akanaima pomwepo mpaka basi kuchita dzimbiri.

Dzanja linatuluka.

"Werama bwino ndiye. Ndikupatse ndi za masiku onse aja."

Pamphumi, pakamwa, pachifuwa. Pamphumi, pakamwa, pachifuwa. Anabwereza, anabwerezanso, milomo ikuyenda, kuyambira Lolemba loyamba la mu Ogasiti lija osadumpha ngakhale tsiku limodzi. Dalaivala anasiya hutala, anavula kapu, anatsika n'kuima pamzere kumbuyo kwa Nayeli kuti naye adalitsidwe, ndipo apaulendo asanu ndi atatu anamutsatira. Nayeli anapsompsona chala cha mayi ake, anandimenya kachibakera paphewa, n'kukwera. Tinaima mpaka basi inakhota pa maloboti.

Miyezi isanu ndi umodzi ija tsopano yakwana zaka ziwiri. Atamaliza anamupatsa ntchito ina, kenako malo kuyunivesite yakomweko. Amabwera pa Khirisimasi, masiku asanu, nkhope itapsa ndi mphepo, akulankhula za mbalame zomwe ine sindinazionepo. Pikapu yanga m'mawa imayenda yopepuka mbali imodzi, mpaka makanika anandifunsa ngati ndinachotsamo mpando. Ndimayambabe nkhani ndikafika pamphambano, kenako ndimakumbuka kuti ndili ndekha, ndipo ndimaimalizabe.

Amaimba Lamlungu masana, pafoni yoonana nkhope. Komwe amakhala foni imagwira pamwamba pa kachitunda kamodzi kokha, ndiye amakwera pamenepo, mphepo ikumulanda mawu. Achemwali amakhala atasamba m'manja kuyambira tikutuluka ku Misa. Amafunsa ngati wadya, ngati wavala zofunda, ngati kuli mnyamata. Ine ndimalowetsa mutu kumbali kuti ndimuuze kuti chichokereni iye abuluzi a kuno achita sitalaka. Pamapeto Nayeli amaweramitsa mutu mpaka pafoni pamangooneka tsitsi, mayi ake n'kulemba mtanda pagalasi. Nthawi zina foni imaduka dzanja lisanafike pachifuwa, koma iwo amamalizabe.

Lamlungu lapitali inaduka msanga. Anakhala ataigwira, galasi lili bii.

"Lencho, Disembala ili kutali bwanji?"

"Pafupi, achemwali. Mukayetsemula kawiri yakwana."

Tinali mu Malichi.